Zoyenera kudziwa pa opaleshoni ya m'kamwa m'boma la Chiradzulu

Opaleshoni ya m'kamwa ndi chithandizo chomwe a chipatala amapereka pozula dzino, kung'amba nkhama kuti achotse muzu wotsalira, kutulutsa mafinya, kuchotsa chotupa kapena kulumikiza nsagwada yothyoka. Ntchito yozula dzino kawirikawiri imangotenga mphindi zowerengeka, koma kuchira kwa bala kumadalira kwambiri zomwe wodwala wafotokoza asanakhale pa mpando wa dokotala komanso momwe wadzisamalira kunyumba m'masiku atatu oyambirira.

M'boma la Chiradzulu, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 350,000, odwala mano ambiri amayamba aonekera ku zipatala zing'onozing'ono monga Namitambo, Namadzi, Nkalo ndi Mbulumbuzi, ndipo kumeneko amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma pa Chiradzulu. Ena amapita ku chipatala cha mishoni cha St Joseph ku Nguludi. M'zipatala za m'maboma, ntchito ya mano imagwiridwa kwambiri ndi ogwira ntchito zachipatala omwe anaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences. Matenda omwe akufunika opaleshoni yaikulu, monga nsagwada yothyoka pa ngozi ya kabaza kapena chotupa cha m'fupa, amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre.

Madokotala a mano akhala ochepa m'dziko muno kaamba koti kwa zaka zambiri onse ankaphunzira kunja. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera nkhani za umoyo wa m'kamwa.

Pokonzekera opaleshoni, chinthu chachikulu ndi kabuku ka kuchipatala komanso kunena zoona. Wodwala ayenera kuuza dokotala ngati ali ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, vuto la mtima, khunyu, kapena ngati ndi woyembekezera. Shuga wokwera amachedwetsa bala kupola ndipo amapereka mpata woti lichite mafinya, choncho a chipatala akhoza kuimitsa kaye opaleshoni mpaka shugayo atatsika. Amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin kapena aspirin, anene zimenezi, koma asasiye kumwa mankhwalawo mwa okha. Chimodzimodzinso amene anatulukapo zidzolo kapena kutupa atamwa penicillin.

Nkhani ya ma ARV ndi yofunika mwapadera ku Chiradzulu. Bomali ndi lomwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuperekako mankhwalawa mu 2001, boma lisanayambe kuwapereka mwaulere m'dziko lonse mu 2004, ndipo alipo anthu omwe akhala akumwa mankhwalawa kwa zaka zoposa makumi awiri. Kukhala ndi kachilombo ka HIV sikuletsa munthu kuzulidwa dzino. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika, ndipo tizilombo tinachepa m'magazi mwake, amachira ngati wina aliyense. Choopsa ndi kubisa, kapena kudumphitsa mankhwala poganiza kuti asasemphane ndi jakisoni wa dokotala.

Pa nkhani ya chakudya anthu ambiri amasokoneza. Ngati dzino lizulidwe ndi jakisoni wochititsa dzanzi, wodwala adye asanapite, chifukwa wobwera ndi njala ndiye amachita chizungulire kapena kukomoka pa mpando, makamaka akakhala pa mzere nthawi yaitali. Koma ngati opaleshoni ndi yogonetsa, monga imachitikira ku Queen Elizabeth, wodwala saloledwa kudya kwa maola osachepera asanu ndi limodzi, poopa kuti angasanze ali mtulo ndipo chakudya n'kulowa m'mapapo. Wotere afunikanso womudikirira woti abwerere naye kunyumba.

Kwa ogwira ntchito m'boma, ndi bwino kusankha m'mawa komanso kumayambiriro kwa sabata. Ambiri amakonda Lachisanu poti apume kumapeto kwa sabata, koma mavuto a bala amaonekera pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo angamupeze munthu Lamulungu, pomwe chipinda cha mano n'chotseka. Msonkhano wofuna kulankhula kwambiri kapena ulendo wa panjinga yamoto m'misewu ya fumbi si zoyenera kuziika pa tsiku lomwelo.

Dzino likazulidwa, m'dzenje lotsalalo mumaundana magazi. Magazi oundanawa ndiwo amaphimba fupa ndi mitsempha, ndipo pa iwo ndi pomwe mnofu watsopano umamerera. Malangizo pafupifupi onse omwe a chipatala amapereka cholinga chake ndi choti magaziwa asachoke. Wodwala alume thonje lomwe wapatsidwa kwa mphindi 20 mpaka 30 osalankhula. Tsiku lonse loyamba asachukuche m'kamwa, asamangolavula, asayamwe chakumwa ndi kapaipi, ndipo asagwire bala ndi lilime kapena chala. Kulavula ndiko kumavuta anthu ambiri, popeza malovu osakanikirana ndi timagazi amaoneka ngati magazi ochuluka, chikhalirecho ndi madontho ochepa chabe. Fodya, wosuta ngakhale wa phuno woika m'kamwa, komanso mowa, ndi zoyenera kuzisiya kwa masiku osachepera atatu.

Magazi oundanawa akachoka msanga, fupa limakhala poyera. Ululu wake umayamba tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, nthawi yomwe munthu amayembekeza kuti ayambe kupezako bwino, ndipo umafika mpaka kukhutu, m'kamwa n'kumanunkha. Vutoli limakonda osuta fodya komanso amene azulidwa dzino la kumapeto la m'munsi, lija limamera munthu ali ndi zaka pakati pa 17 ndi 25. Panado salimbana nawo ululu wotere. Wodwala abwerere kuchipatala kuti akatsuke dzenjelo ndi kuikamo mankhwala.

Pakatha maola 24, wodwala ayambe kuvumata madzi ofunda omwe athiramo theka la supuni yaing'ono ya mchere pa kapu imodzi, katatu kapena kanayi pa tsiku, makamaka akatha kudya, ndipo achite izi modekha. Mano enawo apitirize kutsuka ndi mswachi, mopewa pa balapo. Kutupa kwa tsaya kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako kumayamba kuphwa. Panado ndi brufen ndiwo mankhwala omwe amaperekedwa kawirikawiri, ngakhale brufen sayenera kwa odwala zilonda za m'mimba, impso komanso amayi oyembekezera. Aspirin amachititsa kuti magazi asasiye msanga, ndipo mchitidwe woika piritsi lake pa nkhama umangotentha mnofu.

Chakudya chikhale chofewa ndi chosatentha: phala lozizirako, nthochi, mapeyala, mbatata yophika bwino, mazira, chambiko, kapena nsima yofewa ya therere, kutafunira mbali yomwe kulibe bala. Chimanga chokazinga, mtedza, nzimbe ndi tsabola zidikire sabata imodzi. Dzanzi la jakisoni limatha pakapita maola awiri kapena atatu, ndipo nthawi imeneyi ana ayenera kuyang'aniridwa chifukwa amaluma mlomo osamva kuwawa.

Kwa amene anathyoka nsagwada ulendo wake ndi wautali. Nthawi zambiri mano a m'mwamba ndi a m'munsi amamangidwa pamodzi ndi waya kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo munthu amangodalira zakumwa monga phala lamadzimadzi la soya, mkaka ndi msuzi wosefa. Ambiri amaonda, choncho ayenera kumwa pafupipafupi. Kumasula wayayo kunyumba kumachititsa kuti fupa lilumikizike mokhota ndipo mano sakumananso.

Chikhulupiriro choti kuzula dzino la m'mwamba kumachititsa khungu chilibe umboni, chifukwa mitsempha ya mano ndi yoonera ndi yosiyana. Chomwe chimaika moyo pachiswe ndi kuchedwa ndi dzino lomwe lachita mafinya. Wodwala athamangire kuchipatala, usiku ngakhale usana, ngati magazi sakusiya ngakhale waluma nsalu yoyera kwa theka la ola, ngati thupi latentha, ngati kutupa kukufalikira ku diso kapena pansi pa chibwano, ndiponso ngati akulephera kumeza, kuyasamula kapena kupuma. Kutupa kwa pansi pa lilime kungatseke njira ya mpweya m'maola ochepa.

Mwana amene nsagwada yake yatupa mofulumira mopanda ululu wambiri, mano n'kuyamba kugwedera, sayenera kungozulidwa mano. Izi zikhoza kukhala zizindikiro za khansa yotchedwa Burkitt, yomwe imagwira ana m'madera a malungo monga kuno, ndipo ambiri amachira akayamba kulandira mankhwala msanga ku Queen Elizabeth.