Msewu Wodutsa pa Nchenachena

Lero tiime pa Nchenachena, m'boma la Rumphi, m'tsinde mwa mapiri a Nyika, pomwe alimi a khofi amayang'ana chigwa cha Henga kumunsi kwao. Msewu wochokera ku Njakwa umadutsa pano popita ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia mu 1894. Masiku amenewo, mwana wofuna maphunziro apamwamba kapena luso la manja ankaloza kumeneko, ndipo mtima wa Chigawo cha Kumpoto unali paphiri limenelo.

Mzuzu kunalibe. Mzindawu unaphuka pambuyo pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, pa minda ya mitengo ya tung'i, ndipo unalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Tung'iyo anazilala, koma maofesi ndi misika zinakhazikika, zinakoka anthu monga momwe Lilongwe anakokera a ku Zomba likulu litasamuka mu 1975.

Phiri silinasunthe, omvera. Unatembenuka ndi ulendo. Mnyamata wa pa Nchenachena amene agogo ake ankaloza ku Khondowe, iye amatsikira kumwera, kutsata khofi wa bambo ake ku Mzuzu.