Niigata Sake no Jin: Chikondwerero cholawa mowa wa mpunga ku Japan

Niigata Sake no Jin ndi chikondwerero cholawa mowa wotchedwa sake chomwe chimachitika chaka ndi chaka m'mwezi wa Malichi mumzinda wa Niigata m'dziko la Japan. Chimatenga masiku awiri, Loweruka ndi Lamlungu, m'holo yaikulu ya Toki Messe, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Shinano umathira m'nyanja. Wochititsa mwambowu ndi bungwe la ofulula sake m'chigawo cha Niigata.

Sake ndi mowa wa mpunga. Pofulula, amayamba apuntha mpungawo mpaka gaga yense atachoka, kenako amauphika ndi nthunzi. Akatero amathiramo chuku cha mtundu wapadera chotchedwa koji, chomwe chimagwira ntchito yonga ya chimera: chimatulutsa shuga mumpunga kuti yisiti amusandutse mowa. Ukali wa sake umakhala pafupifupi 15 peresenti. Mu Disembala 2024, bungwe la UNESCO linaika luso lofulula ndi koji pa mndandanda wa miyambo ya anthu yofunika kuisunga.

Niigata ndiye chigawo chomwe chili ndi nyumba zofululira sake zambiri kuposa china chilichonse m'Japan, pafupifupi 90. Mpunga umachita bwino kumeneko, ndipo chipale chofewa chomwe chimagwa kwambiri m'mapiri chimapereka madzi abwino. Ntchito yofulula imagwiridwa m'nyengo yozizira, choncho pofika Malichi mowa watsopano umakhala utapsa.

Chikondwererochi chinayamba mu 2004 motengera cha Oktoberfest cha ku Munich m'dziko la Germany. Ofulula anali ndi chifukwa chomveka. Kamwedwe ka sake m'Japan kanafika pachimake cha m'ma 1973, ndipo kuchokera pamenepo kakhala kakutsika kufikira kuchepera gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa nyumba zing'onozing'ono za mabanja, zomwe zilibe ndalama zotsatsira malonda, mwambowu ndi mpata wokumana ndi ogula maso ndi maso. Mitundu ya sake yomwe imabwera kudzalawidwa imakwana pafupifupi 500.

Kale khomo linali lotseguka kwa khamu lililonse, ndipo mu 2019 anthu pafupifupi 140,000 anafika pa masiku awiriwo. M'holo munkasowa poponda, mizere inkatalika, ndipo ofulula sankapeza nthawi yocheza ndi alendo. Chikondwererochi chinalepherekapo mu 2011 chifukwa cha chivomezi chachikulu cha pa 11 Malichi, komanso mu 2020 ndi 2021 chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Chitabwerera, kagulitsidwe ka matikiti kanasintha. Tsopano tsiku lililonse limagawidwa pawiri, m'mawa ndi masana, ndipo gawo lililonse limalandira anthu zikwi zochepa chabe. Matikiti amagulitsidwa pasadakhale, makamaka pa intaneti. Ena ndi a malo okhala, ena ndi a oimirira, ndipo mitengo yake imasiyana. Tikiti imagwira ntchito pa gawo lokhalo lomwe lalembedwapo. Wolowa amalandira kachikho kolawira kotchedwa ochoko ndi botolo la madzi akumwa pakati pa kulawako, kuti mowa usamupitirire. Lamulo la Japan limaletsa mowa kwa aliyense wosakwana zaka 20, kotero achichepere saloledwa.

Dongosolo latsopanoli lachepetsa kuthithikana, koma lachititsanso kuti matikiti azitha msanga akangoyamba kugulitsidwa. Ulendo wa pa sitima yothamanga ya Joetsu Shinkansen kuchoka ku Tokyo umatenga pafupifupi maola awiri okha, choncho ofuna matikiti amachokera kutali. Amene akukonza ulendo amayamba wapeza tikiti yolowera, asanalipire sitima ndi malo ogona.