Apatheia

Apatheia ndi mawu a Chigiriki amene ankakondedwa ndi Asitoiki, gulu la anthu ozama m'maganizo limene Zeno wa ku Citium anayambitsa ku Athens cha m'ma 300 Yesu asanabadwe. Kachiwalo ka "a-" kamatanthauza "popanda", pamene "pathos" ndi chinthu chimene chimamugwera munthu n'kumugonjetsa, monga ukali, mantha kapena chilakolako chosaletseka.

Ambiri amawamva molakwika mawuwa, poganiza kuti akunena munthu wouma mtima, wosagwetsa msozi pamaliro. Ayi ndithu. Seneca, mmodzi wa Asitoiki, amene analemba buku lathunthu lonena za mkwiyo, anavomereza kuti munthu akatukwanidwa magazi amawira ndipo nkhope imasintha. Zimenezo palibe angaziletse. Nkhani yagona pa chotsatira: kodi uvomereza ganizo lakuti walakwiridwa, ndiye uyenera kubwezera? Apatheia ndiko kukana kutengeka ndi ganizo limenelo.

Epictetus, Msitoiki winanso yemwe anakhalapo kapolo ku Rome, ankaphunzitsa kusiyanitsa zimene zili m'manja mwathu ndi zimene sizili. Bwana akakukalipira pamaso pa anzako, pakamwa ndi pake. Yankho, ndi nthawi yoliperekera, n'zako. Apatheia sikutanthauza kusamva chilichonse: chimwemwe, kusamala ndi kufunira ena zabwino, Asitoiki sankaziletsa konse. Zimenezo ankazitcha eupatheiai.