Nkhoswe Yathu

Mawu akuti nkhoswe sanayambire m'tchalitchi. Kuyambira kale m'midzi ya Achewa, kuno ku Chipata, Katete ndi Chadiza, nkhoswe anali malume kapena mlongo wamwamuna woyang'anira mbumba. Ukwati ukagwedezeka, ankhoswe ankakhalirana pansi. Mwana akapalamula, nkhoswe ndiye ankamuyankhulira pabwalo.

Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, atafika pa Yohane 14:16 anapeza mawu achigiriki akuti parakletos, kutanthauza woitanidwa kudzaima pambali pa munthu. Iwo anamasulira kuti Nkhoswe, ndiye Mzimu Woyera. Pa 1 Yohane 2:1 Yesu akutchedwanso choncho.

Abale, ngakhale achibale atakutayani, pamlandu wanu simuima nokha. Muli nayo Nkhoswe.