AKHUNGU NDI SUKULU YA PA MAGWERO

Usiku uno ndifuna kukamba za khungu, ndipo nkhani yanga idzatifikitsa kwathu ku Chipata, pakuti kumeneko ndiko kunayambira maphunziro a akhungu m'dziko lino.

Poyamba timvane pa mau. Tikati "wakhungu," ambiri aganiza za munthu amene kwa iye usana ndi usiku nzimodzi. Otere alipo ndithu, koma ocuruka ndi amene aona pang'ono. Wina aona monga kunja kuli nkhungu. Wina azindikira kuti pakhomo paima munthu koma nkhope saidziwa. Wina ayenda bwino masana, koma dzuwa likangolowa apunthwa pa mtondo. Akatswiri anawerengera kuti m'caka ca 2020 pa dziko lonse lapansi panali akhungu ngati 43 miliyoni, ndi ena 295 miliyoni oona movutika. Ndiko kunena kuti pambali pa wakhungu mmodzi pali anzace asanu ndi awiri amene maso ao ali kuzirala.

Makolo athu sanali kumtaya wakhungu. Anali kumpatsa nsima, nampatsanso kamwana komtsogolera ndi ndodo. Koma moyo wace unali wa pakhonde. Anzace popita kumunda kapena kosaka, iye anali kutsala ndi nkhuku, ndipo pa bwalo la milandu mau ace sanali kufunsidwa kawirikawiri. Masiku amenewo matenda awiri anatha maso ambiri: nthomba, imene inali kusiya zipsera pa diso monga izisiya pankhope, ndi cikuku, cimene cionjeza kuononga maso a mwana wosadya mokwanira.

M'caka ca 1898 Angoni a Mpezeni anagonja pa nkhondo yao ndi Azungu. Caka cotsatira, 1899, amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anamanga mishoni pa Magwero, kufupi ndi boma la Fort Jameson, limene kuyambira 1967 tilicha Chipata. Pamenepo, m'caka ca 1905, Dona Issie Hofmeyr, mkazi wa mmodzi wa amishoniwo, anayamba cinthu cimene a m'midzi sanacionepo: kuphunzitsa akhungu kuwerenga ndi zala. Magwero ndi pamene mtsinje uyambira, ndipo dzinalo linayenera malo ace.

Kodi zala ziwerenga bwanji? Nzeru imeneyi inacokera ku France. Kumeneko, m'caka ca 1809, kunabadwa mwana dzina lace Louis Braille. Ali ndi zaka zitatu anadzilasa m'diso ndi cisongole ca atate wace, amene anali wosoka zikopa. Nthenda inalowa m'diso linzace, ndipo anakhala wakhungu. Ali mnyamata pa sukulu ya akhungu ku Paris anakonza malembo a timadontho totukuka pa pepala lolimba, ndipo buku lace lofotokoza malembowo linaturuka mu 1829. Malo a timadontho ndi asanu ndi limodzi okha, atatu kumanzere, atatu kumanja, koma powasintha-sintha paturuka zizindikiro 63, zokwanira zilembo zonse ndi manambala omwe. Kuphunzira kwace sikufuna phuma. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma cala cikazolowera, wakhungu awerenga ngakhale pakati pa usiku, pamene ife openya tifunafuna nyali.

Nchito ya Dona Hofmeyr inapitirizidwa ndi Dona Ella Botes, amene anakhala zaka zambiri pakati pa akhungu, ndipo mu 1955 pa Magwero panatsegulidwanso sukulu ya ogontha. Sukulu ziwirizi zikalipo. Cimene Magwero anaonetsa ndi ici, kuti khungu likhala m'maso, silikhala m'mutu. Mwana amene kale akadakalambira pakhonde anakhoza kuwerenga, kulemba ndi kuphunzitsa anzace.

Mbiri ya matenda nayo inasintha. Katemera anagonjetsa nthomba: womariza kuitenga mwa njira yace ya masiku onse anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 kunalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse. Cikuku cili ndi katemera wace, ndipo tsopano tidziwa kuti cimene ciumitsa maso a ana ndi kusowa kwa vitamini A, amene apezeka m'mapapaya, m'mango, m'maungu, m'cibwabwa ndi m'mazira. Palinso nthenda ya trachoma, yoyenda ndi nchenche ndi manja osasamba, imene ipinda zikope kufikira nsidze zikanda diso. Anansi athu a ku Malawi, kutsidya kwa malire a Mwami, analimbana nayo mpaka mu 2022 anavomerezedwa kuti siilinso bvuto lalikuru m'dziko lao.

Lero mdani wamkuru wa maso ndiye ng'ala, ndipo pa iyi ndili ndi umboni wa m'nyumba mwathu. Agogo anga akazi anakhala zaka zitatu osaona. Ife tonse tinati ndi ukalamba, ndipo mlongo wanga analeka sukulu caka cathunthu kuti aziwatsogolera. Pamene tinapita nao ku cipatala, dotolo anati m'diso muli kagalasi kamene kacita mbuu ndi ukalamba, ndipo kangathe kucotsedwa ndi kuikapo kena. Nchitoyo siinathe ora. M'mawa mwace atawamasula nsaru, agogo anayang'ana mlongo wanga nthawi yaitali, nati, "Iwe, unakula liti?" Ndikakumbukira zaka zitatu zija, ndi caka ca sukulu ca mwana uja, ndicita manyazi, pakuti kucedwako kunali kwathu.

Koma si khungu lonse libwezeka. Nthenda ya glaucoma, imene madzi a m'diso apanikiza mtsempha wopenyera, idza mwakacetecete, ndipo cimene yatenga siibweza. Nthenda ya shuga nayonso ionongera maso m'kati. Cifukwa cace munthu wopitirira zaka makumi anai aziyezetsa maso ngakhale sapweteka. Diso lofiira musalithire madzi a zitsamba kapena fodya. Ambiri analitaya motero diso limene likadacira. Ndipo inu a pansi pa mgodi, magalasi ochinjiriza aja musawaike m'thumba, pakuti kamwala kamodzi kakwanira.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukapita kumudzi pa chuthi, musangotula cuma ndi zobvala. Penyetsetsani maso a amai ndi atate. Ngati afufuza mbale ndi manja, pitani nao ku cipatala musanabwerere ku nchito. Ndipo mukapeza mwana wakhungu ali pakhonde, wa mbale wanu kapena wa mnansi, auzeni makolo ace za Magwero, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Njira ya ku sukulu imeneyo inatsegulidwa mu 1905, ndipo sikuyenera kuti mwana wa lero akhale monga ngati siinatsegulidwe. Tsalani bwino, gonani bwino.