Wogulitsa Maluwa mu London pa Nthawi ya Nkhondo Yachiwiri

Tikamaphunzitsa za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse (1939-1945) timathera nthawi pa Hitler, Churchill ndi magulu a asilikali. Lero, aphunzitsi anzanga ndi inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, tiyeni tilowe m'kasitolo kogulitsa maluwa mu London, tione mmene nkhondo inamupezera munthu wamba pa geni yake.

Nkhondo isanayambe, mwini kasitolo ankalawira m'bandakucha kukapikula maluwa pamsika wa Covent Garden. Katunduyo ankachokera kutali: ku Netherlands, ku chilumba cha Guernsey, ku Cornwall ndi ku zilumba za Scilly. Mu May 1940 Germany inalanda Netherlands, ndipo pakati pa chaka chomwecho inalandanso Guernsey. Njira ziwirizo zinatsekeka.

Kwawo komwe zinthu zinavutanso. Britain inkadalira chakudya chobwera pa sitima zapamadzi, ndipo adani ankazimiza sitimazo. Choncho boma linayambitsa kampeni ya Dig for Victory yolimbikitsa aliyense kulima ndiwo zamasamba ndi mbatatesi. Alimi a maluwa analamulidwa kuchepetsa minda yawo, ndipo m'nyumba zagalasi mmene munkamera maluwa anayamba kubzalamo tomato. Kumapeto kwa 1942 boma linaletsa kunyamula maluwa pa sitima zapamtunda, poti malo ankafunikira asilikali, zida ndi chakudya.

Tsono chodabwitsa n'chakuti pamene maluwa ankasowa m'pamenenso anthu ankawafuna kwambiri. Mabomba amene ndege za Germany zinaponya kuyambira September 1940 mpaka May 1941 anapha anthu oposa 40,000 mu Britain. Maliro onsewo ankafuna nkhata. Asilikali obwera ku tchuthi cha masiku ochepa ankamanga maukwati mothamanga, ndipo mkwatibwi ankafuna kanthu konyamula m'manja. Mwini kasitolo ankatha kupeza magalasi a mawindo ataphwanyika m'mawa, n'kusesa, n'kutsegula sitolo, chifukwa anamfedwa ankadikira pakhomo.

Nanga ankapulumuka bwanji? Ambiri anayamba kugulitsanso ndiwo zamasamba. Ena ankachulukitsa masamba a mitengo ndi zomera zakutchire pomanga nkhata kuti maluwa ochepa akwanire. Mayi Constance Spry, katswiri wotchuka wokonza maluwa mu London, anali ataonetsa kale kuti ngakhale masamba a ndiwo amakongoletsa nyumba, ndipo mu 1942 anatulutsa buku lolimbikitsa kulima ndi kuphika zakudimba, lotchedwa Come into the Garden, Cook. Panalinso ena amene ankazembetsa maluwa m'masutikesi kuchokera ku Cornwall, ndipo ogwidwa ankaimbidwa mlandu.

Lamulo la sitima lija silinakhalitse. Anthu anadandaula, Churchill mwiniwake sanakondwere nalo, ndipo mu 1943 linafewetsedwa. Boma linkawerenga malo a m'sitima, n'kuona duwa ngati chinthu chongosangalatsa maso. Mayi amene wataya mwana ankaliona ngati ulemu womaliza. Ife amene timadziwa mwambo woyala nkhata pamanda sitingavutike kumvetsa zimenezi.

Aphunzitsi anzanga, mukafika pa mutu wa nkhondoyi, yesani kufunsa ophunzira funso ili: mukanakhala nduna yoona za mtengatenga mu 1942, mukanalola maluwa kukwera sitima kapena ayi? Aliyense apereke zifukwa zake. Mudzandiuze mmene mtsutsowo udzayendere.