Anagonja Ka 49 Koma Timu Sinathe: Mbiri ya Varsity Blues

 Mwana wanga wamwamuna amasewera mpira wa kuno ku sekondale, uja amavala zisoti zolimba nkumalimbirana mpira wooneka ngati dzira. Chaka chatha timu yawo sinapambaneko ngakhale kamodzi, ndipo tsiku lina m'mawa ndikuchokera ku ntchito ya usiku ndinamupeza atalongedza chisoti chake. "Amayi, ine basi ndasiya," anatero. Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi, pakuti ife anamwino timadziwa zimene kugundana mitu kumachita mu ubongo wa mwana. Koma chifukwa chosiyiracho, manyazi a kugonja, sichinandikomere. Apa mpamene ndinayamba kufufuza mbiri ya timu imene iye amaisirira, Varsity Blues ya University of Toronto. Paja yunivesite yathu ya kuno ku Oshawa, Ontario Tech, ilibe timu ya mpira wamtunduwu.

Mpirawu ndi wakalekale pa sukuluyi. Zolembedwa zimasonyeza kuti ophunzira anasewera pa 9 November 1861, Livingstone atangofika kumene ku Nyanja ya Malawi zaka ziwiri m'mbuyomo. Timu yeniyeni inakhazikitsidwa mu 1877, ndipo mu 1898 inali yoyamba kutenga chikho cha Yates, chimene mayunivesite a mu Ontario amalimbirana mpaka lero.

Mu 1909 bwanamkubwa wa Canada, Earl Grey, anapereka chikho chotchedwa Grey Cup. Oyamba kuchipata anali ana asukulu omwewa, atakwapula Toronto Parkdale 26 kwa 6 pa bwalo la Rosedale pa 4 December. Chosekesa nchakuti chikhocho chinali chisanapangidwe, moti anachilandira mu March 1910. Anachitenganso mu 1910, 1911 ndi 1920. Masiku ano Grey Cup ndi ya matimu olipidwa a CFL, ndipo mayunivesite ali ndi chikho chawochawo, Vanier Cup. Ichinso oyamba kuchitenga anali a Toronto mu 1965, atagonjetsa Alberta 14 kwa 7.

Tsono nkhani imene inandigwira mtima ndi iyi. Kumapeto kwa 1992 akuluakulu a yunivesite analengeza kuti athetsa timuyi kaamba ka kuchepa kwa ndalama. Anthu amene anasewerapo kale pamodzi ndi ophunzira akale anakana, napisa m'matumba mwawo kuti timu ipitirire. Chaka chotsatira, 1993, anyamata omwe aja anatsala pang'ono kuuzidwa kuti azipita kwawo anatenga Vanier Cup pa SkyDome, atapambana Calgary 37 kwa 34. Kumathero kwenikweni Calgary inali ndi mwayi wofananitsa mapointi, koma mnyamata wa Toronto anautchinga mpirawo usanafike pa mitengo.

Wina angaganize kuti mavuto anathera pomwepo. Ayi ndithu. Kuchokera mu 2001 timuyi inagonja masewero 49 motsatizana, chinthu chimene sichinachitikepo pa mpira wa mayunivesite mu Canada. Bwalo lawo lakale la Varsity Stadium linagwetsedwa mu 2002, latsopano nkudzatsegulidwa mu 2007. Tangoganizani, alipo anyamata amene analowa yunivesite, nasewera zaka zinayi, nkulandira digiri yawo osalawako chipambano. Komabe m'chisanu cha October ankavala zisoti nkupita kokonzekera. Pa 1 September 2008 anagonjetsa Waterloo 18 kwa 17, ndi mpira womenyedwa masekondi ochepa nthawi isanathe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Zonsezi ndinamufotokozera mwana wanga tikudya nsima madzulo. Ndinamuuza kuti akafuna kusiya chifukwa choopa kuvulala kapena chifukwa cha maphunziro, ine ndidzakhala woyamba kuvomereza. Koma akasiya chifukwa anzake akumuseka, mawa adzasiyanso masamu akadzavuta, ndi ntchito ikadzawawa. Ambiri a ife tinafika kuno ndi madipuloma athu a kumudzi nkuuzidwa kuti tilembenso mayeso, ndipo ena sanakhoze ulendo woyamba. Tikanalongedza zikwama, bwenzi pano tili kuti?

Anakhala chete, koma patapita sabata ndinaona chisoti chija chatuluka m'chikwama. Tinapangana chinthu chimodzi: akangogundidwa mutu, atuluke m'bwalo ndipo asabwereremo mpaka adokotala atamuona. Kuno ku Ontario lilipo lamulo la 2018 lotchedwa Rowan's Law lokhudza zimenezi, ndipo ndikupempha makolo anzanga amene ana awo amasewera kuti alidziwe bwino. Mantha ndikadali nawo, sindikubisa. Koma Loweruka ndikakhala kuti sindili pa ntchito, mudzandipeza ku bwalo nditafunda bulangete, ndikukuwa mu Chichewa.